Kodi Mfumu Iope Peyala?

Alipo anthu, ndipo si owerengeka, amene amati kuseka wolamulira ndi chipongwe, ndi kuti boma lichita bwino potseka pakamwa ojambula zithunzi zoseketsa ndi opeka nyimbo zojeda akulu. Ife tikana mau amenewa. Ndipo kuti tisaoneke ngati otsutsa chabe, tiyeni tione chimene chinachitika ku dziko la France.

M'chaka cha 1830 anthu a ku Paris anachotsa mfumu Charles X, imene inafuna kumanga nyuzi, nalonga Louis-Philippe m'malo mwake. Pangano latsopano la dzikolo linalonjeza kuti boma silidzayambanso kuyesa zolembedwa zisanasindikizidwe. Koma lonjezo la mfumu liyesedwa tsiku limene anthu ayamba kuiseka. Munthu wina, dzina lake Charles Philipon, anali ndi nyuzi yotchedwa La Caricature, ndipo mu 1831 anamuimba mlandu wa kunyoza mfumu ndi chithunzi. Pa bwalo la milandu iye anatenga pepala najambulapo zithunzi zinai: choyamba nkhope ya mfumu, chachiwiri chofanana ndi choyamba, chachitatu chofanana ndi chachiwiri, ndipo chachinai chinali peyala, lotupa kunsi ndi losongoka kumwamba. Ndi zimenezi anaonetsa oweruza kuti ngati kufanana ndi mfumu kuli mlandu, ayenera kumanga ndi chipatso chomwe. Oweruza sanaseke. Anamlamula kukhala m'ndende miyezi 6 ndi kulipira mafaranki 2,000.

Mnzake Honoré Daumier anajambula mfumu ngati chimphona chokhala pampando, chikumeza ndalama zosonkhedwa kwa osauka, pamene pansi pa mpandowo pakutuluka makalata a maudindo olandira okondedwa ake. Nayenso anamangidwa miyezi 6 mu 1832.

Nanga boma linapindulanji? Taonani, peyala lija linatuluka m'bwalo la milandu nilowa m'misewu. Analijambula pa makoma a Paris ndi makala ndi choko, ndipo amene sanadziwe kuwerenga nyuzi analiwerenga bwino lomwe. Mlandu umene unati uphe nthabwala ndiwo unaifalitsa.

Pamenepo wina adzati, Koma nthabwala zotere zichepsa ulemu wa mpando, ndipo ziutsa chiwawa. Mau awa tiwamva kawirikawiri, ndipo boma la France linawanenanso. Pa 28 July 1835 Giuseppe Fieschi anayesa kupha mfumu ndi mifuti yomangidwa pamodzi. Mfumu inapulumuka, koma anthu 18 anafa. Woombera anali Fieschi, koma chilango chinafikanso kwa ojambula, pakuti malamulo a mu September chaka chomwecho analetsa kusindikiza chithunzi chilichonse popanda chilolezo cha boma. La Caricature inatha chaka chimenecho. Kodi mpando unalimba pamene kuseka kunaleka? Iai ndithu. Mu February 1848 anthu anaukanso, ndipo Louis-Philippe anathawira ku England, kumene anafera mu 1850. Chimene chinamgwetsa si peyala, koma madandaulo amene peyala linali kuloza, amene iye anakana kuwamva.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Woletsa nthabwala sachotsa mkwiyo m'mitima ya anthu. Angodzitseka makutu yekha. Makolo athu anadziwa ichi. Mai amene sakanatha kuima pabwalo ndi kudzudzula mwamuna wake kapena mwini mudzi, anaimba pamtondo, mudzi wonse ukumva, ndipo wanzeru anakonza njira zake osafunsa mwini nyimbo. Paja akulu anati, wakutsina khutu ndi mnansi. Nthabwala ndiyo nyimbo ya pamtondo ya mtundu wonse: ndi mau a munthu wopanda mfuti, wopanda chuma, wopanda mpando m'nyumba ya malamulo.

Sititi kuti woseka aliyense ali wolungama. Ilipo nthabwala yonama, iliponso yopondereza wofooka, ndipo imeneyo tiinyansidwa nayo. Wonamiziridwa apite kubwalo, mlandu uweruzidwe poyera, anthu akumva mbali zonse ziwiri. Koma chimene tikana ndi ichi: kuti munthu mmodzi akhale m'chipinda ndi cholembera chofiira, nasankhe mseri chimene mtundu wonse uloledwa kuseka. Pakuti munthuyo alandira malipiro ake kwa yemwe akusekedwayo, ndipo adzateteza mbuye wake asanateteze choona.

Chifukwa chake, awerengi okondedwa, mukamva kuti wojambula kapena woimba wamangidwa chifukwa cha kuseka wamkulu, musafulumire kunena kuti wadziputira yekha. Yambani mwafunsa ngati chimene anasekacho chili choona. Ngati chili chonama, chidzafota chokha. Ngati chili choona, ndende siingachimange. Ndipo olamulira tiwapempha akumbukire mfumu ya ku France, imene inali ndi asilikali ndi oweruza ndi ndende, koma inaopa chipatso.