Sikelo ya Maphunziro Apamwamba Ikhale Imodzi

Aliyense amene anakhalapo mumzinda wa Zomba pa tsiku lopereka madigiri akudziwa mmene msewu wa ku Chirunga umadzazira. Makolo amachokera ku Chitipa, ku Nsanje ndi ku Mchinji, ena atagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi, ndipo amaima kunja kwa Great Hall, m'munsi mwa phiri, kudikira kuti aone mwana wawo akutuluka atavala mkanjo, pepala lili m'manja. Pepala limenelo ndilo tifuna kukambapo sabata ino. Kodi ndani amene amatsimikizira kholo lija, ndiponso bwana amene adzalembe mwanayo ntchito, kuti mawu olembedwa papepalapo ndi oona?

Kale funso limeneli silinali lovuta, pakuti yunivesite m'dziko muno inali imodzi yokha. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965 ndi ophunzira 90, mkulu wake woyamba ali Dr. Ian Michael. M'chaka cha 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, pamodzi ndi maphunziro amene ankachitikira ku Soche Hill ndi ku Mpemba. Chimene chinkateteza ulemu wa digiri masiku amenewo chinali mwambo woitana oyesa ochokera kunja. Mphunzitsi wa pa yunivesite ina ankabwera kudzawerenga mafunso a mayeso ndi mayankho a ophunzira, kuti aone ngati mnzake wa kuno sanachite chifundo chopitirira kapena nkhanza pochonga. Inali sikelo yaing'ono, koma inali yokwanira pa khola laling'ono.

Lero khola lakula. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999. Koleji ya Bunda inaima payokha nikhala LUANAR mu 2012, MUST inalandira ophunzira ake oyamba ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, pamene makoleji a zachipatala ndi unamwino anasanduka KUHeS, dzina la Yunivesite ya Malawi n'kutsalira ku Zomba. Mipingo nayo inatsegula zake, monga ya Livingstonia mu 2003 ndi ya Katolika ku Nguludi mu 2006, ndipo anthu amalonda anatsatira. Ife sitikudandaula nazo zimenezi. Ana amene amakhoza mayeso a MSCE chaka ndi chaka ndi ochuluka kuposa malo a m'mayunivesite a Boma, ndipo amene wamangira ana otsalawo kalasi wathandiza mtundu. Koma pamene ogulitsa achuluka pamsika, pamafunika munthu woyendera masikelo, monga achitira a Malawi Bureau of Standards ndi masikelo a m'magolosale.

N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la m'chaka cha 2011 limene linabala bungwe la National Council for Higher Education, lodziwika ndi dzina lakuti NCHE. Pa ntchito za bungweli pali ziwiri zimene anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amazisokoneza. Yoyamba ndiyo kulembetsa sukulu m'kaundula, kumene kuli kuipatsa chilolezo chakuti itsegule zitseko. Yachiwiri ndiyo kuvomereza maphunziro ake, kumene kumabwera pambuyo pa kuunika. Sukulu imayamba yadziyesa yokha ndi kulemba lipoti, kenaka akatswiri otumidwa ndi bungweli amapita kukaona ndi maso: aphunzitsi alipo angati ndipo anaphunzira kufika pati, m'laibulale muli mabuku otani, m'labotale muli zipangizo kapena matebulo okhaokha, mayeso amasungidwa motani, ndalama za sukulu akuyendetsa ndani. Ndipo chivomerezo chimaperekedwa pa phunziro lililonse palokha. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pa digiri ya zauphunzitsi koma yosavomerezeka pa ya zamalamulo. Choncho chikwangwani chonena kuti sukulu ndi yolembetsedwa sichinayankhe funso la kholo lija. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpanda wopakidwa penti ndi galimoto la mwini sukulu sizinaphunzitsepo mwana.

Wina anganene kuti popeza bungwe lilipo, nkhani yatha. Tiyeni tione zimene zinachitika m'dziko la Poland. Chikomyunizimu chitagwa kumeneko, lamulo la 1990 linalola anthu kutsegula sukulu zawozawo za maphunziro apamwamba, ndipo zinaphuka ngati bowa, kupitirira 300. Ophunzira amene anali pafupifupi 400,000 mu 1990 anafika pafupifupi 2 miliyoni pofika 2005. Boma litaona kuti madigiri ena akupepuka, linakhazikitsa komiti younika maphunziro imene inayamba ntchito mu 2002, ndipo kuyambira 2011 imatchedwa Polska Komisja Akredytacyjna. Komitiyi inagwira ntchito yaikulu kwa zaka zambiri. Komabe m'mwezi wa February 2024 apolisi othana ndi katangale anamanga mkulu wa sukulu ina ya mumzinda wa Warsaw yotchedwa Collegium Humanum, pomuganizira kuti ankagulitsa masetifiketi a MBA kwa anthu amene sanakhale m'kalasi. Mwa anthu amene anaimbidwa milandu pambuyo pake munalinso ogwira ntchito ku komiti younika ija, powaganizira kuti analandira ziphuphu.

Chimene tifuna kuti owerenga athu achimvetse ndi ichi: amene ankafunafuna mapepalawo sanali ana a alimi. Anali akuluakulu a ndale ndi a m'maofesi, chifukwa lamulo la kumeneko linkalola munthu wa MBA kukhala m'bodi ya kampani ya Boma popanda kulemba mayeso amene ena ankalemba. Msika wa mapepala onama umamangidwa ndi anthu a maudindo, pakuti ndiwo ali ndi ndalama zogulira, ndiwo ali ndi mpando woufunira pepala, ndiponso ndiwo angathe kuimbira lamya woyendera sikelo.

Apa ndiye pamene nkhaniyi ikutikhudza ife, ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a m'maboma ndi m'zigawo. Ambiri mwa ife tikuphunzira madzulo kapena Loweruka kuti tikwezedwe pantchito, ndipo chimenecho n'chinthu choyamikika. Koma tisanapereke fizi, tiyenera kuona m'ndandanda wa NCHE ngati phunziro lenilenilo limene tikulowa lili lovomerezeka, osati dzina la sukulu lokha. Amene tikhala pa mipando yofunsa anthu ofuna ntchito tiyenera kufunsa funso lomwelo kwa aliyense, kaya ndi mlendo, kaya ndi mwana wa mlongo wathu. Kalaliki amene walandira pepala losavomerezeka lero wabera malo mwana amene anagona ndi njala zaka zinayi ku Chirunga, ndipo mawa dziko lidzalipira ndi mlatho wogumuka kapena buku la ndalama losawerengeka. Pa ntchito za moyo wa munthu tinavomereza kale kuti dokotala ndi namwino sagwira wodwala asanalembedwe ndi makhonsolo awo. Palibe chifukwa chochepetsera mwambo umenewu pa wowerengera ndalama za khonsolo kapena mphunzitsi wa sekondale.

Choipa koposa ndicho kuchonderera. Mwini sukulu imene yalephera pa kuunika amathamangira kwa phungu kapena kwa mkulu wa mu unduna, nanena kuti akumuzunza chifukwa cha kumene amachokera, kapena kuti ana mazana asowa kolowera. Mawu achiwiriwa ali ndi choonadi chake, ndipo sitiwapeputsa. Mwana amene wafika chaka chachitatu, makolo atagulitsa munda, sayenera kulangidwa pa mlandu wa eni sukulu, makamaka podziwa kuti ngongole za bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, zimapita kwa ophunzira a m'sukulu zovomerezeka. Koma mankhwala ake ndiwo kupeza njira yosamutsira anawo kumene maphunziro awo angalandiridwe, ndi kukakamiza mwini sukulu kukonza zolakwika kapena kubweza ndalama. Kupinda sikelo kuti mnzathu apulumuke n'kuonjezera ana ena m'dzenje lomwelo chaka chamawa.

Tinenenso mosabisa kuti sikelo imeneyi siyenera kuopa dzina lakale. Lamulo silinapatule mayunivesite a Boma. Ku Chirunga kumene kunamangidwira ophunzira ochepa, lero kuli zikwi zambiri, ndipo ambiri a iwo amagona m'nyumba za lendi ku Chikanda ndi madera ena ozungulira. Mbiri ya anthu otchuka amene anadutsa pamenepo siingawerenge mayankho a kalasi ya ophunzira mazana m'malo mwa mphunzitsi mmodzi wotopa. Ngati akatswiri ounika apeza kuti phunziro lina pa yunivesite ya Boma likusowa aphunzitsi kapena zipangizo, anene poyera monga momwe anenera za sukulu ya munthu wamba, ndipo a ku Treasury alandire lipotilo ngati kalata yowakumbutsa ngongole yawo, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Eni sukulu zoima pazokha adzamvera chigamulo mosang'ung'udza pokhapokha ataona kuti mwana wa mfumu nayenso wakwera pa sikelo yomweyo.

Chotsala n'chakuti m'ndandanda wa maphunziro ovomerezeka ufike kwa amene amalipira fizi. Kuuika pa intaneti ndi m'nyuzipepala za Chingerezi sikukwanira kwa mlimi wa ku Jali kapena msodzi wa ku Kachulu. Tikupempha a NCHE ndi a unduna woona za maphunziro kuti chaka chilichonse, zotsatira za MSCE zikangotuluka ku MANEB, m'ndandandawo uwerengedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'zinenero zina za m'dziko muno, ndipo upachikidwe pa ofesi ya DC aliyense ndi pa khomo la sukulu ya sekondale iliyonse.