Malasha ndi a ku Moatize, nanga olamula ntchito achokera kuti?

TETE — Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsa malasha ku Moatize m'chaka cha 2011. M'chaka cha 2022 inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan, ya eni ake a ku India. Eni mgodi anasintha, koma funso la makolo a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga likadali lomwe lija: kodi mwana wa kuno adzagwira fosholo kapena adzalamula ntchito?

Sukulu ya ukachenjede ya Instituto Superior Politécnico de Tete, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 2005, imaphunzitsa uinjiniya wa migodi. Digiri yoyamba, imene amati licenciatura, imalowetsa munthu pantchito. Koma woyendetsa mgodi kapena fakitale yonse ayenera kudziwa makina pamodzi ndi kasamalidwe ka antchito ndi ndalama. Izi amazama nazo pa digiri yachiwiri, mestrado, imene kawirikawiri imatenga zaka ziwiri.

Ulendo wa kumeneko umayambira kumudzi. Mwana wosiyitsidwa sukulu kuti akagwire ganyu m'munda wa fodya kapena wa mbatatesi sadzafika ngakhale pakhomo pa sukuluyi. Zikatero mipando yolamula idzagwa m'manja mwa ochokera kutali, a kuno n'kutsala ndi fumbi la malasha.