Njala ya Januwale: masamu a akatswiri ndi foni ya ku Lundazi

Kondakita aliyense wa pa Kulima Tower ndi wolosera. Amadziwa kuti Mande m'mawa basi idzadzaza msanga, ndipo pakati pa mwezi okwera adzayamba kulira ati ndalama yapelewela. Sadziwa amene adzakwela, koma khalidwe la gulu amalidziwa. Akatswiri ofufuza nawonso amalosera conco, kungoti iwo amalemba m'masamu, n'kuzichula kuti model.

Mu 2014 ndi 2015, a Felix Masiye a pa University of Zambia, pamodzi ndi Günther Fink ndi Kelsey Jack, anayesa model yotere m'midzi 175 ya m'boma la Chipata. Masamu awo anati: nkhokwe ikauma m'Januwale, mlimi amasiya munda wake kukagwira ganyu kwa ena. Ofuna ganyu akaculuka malipiro amatsika, uku munda wa wosauka ukumera udzu. Conco mukam'bwereka kanthu kocepa panthawi imeneyo, adzabwerera kukapalira kwake.

Mabanja anapatsidwa ngongole ya K200 kapena matumba atatu a cimanga, kubweza akakolola. Zinacitikadi monga analosera. Ambiri anacepetsa ganyu, malipiro a ganyu anakwera, zokolola zinawonjezeka, ndipo oculuka anabweza ngongoleyo.

Manje ife okwera minibasi zitikhudza bwanji? Kuyambira ku Chipata kukafika ku Lundazi, kwa Mwase ndi kwa Mphamba, mvula ndi imodzi, njala nayo imafika mwezi umodzi. Ambiri a ife timatumiza ndalama kumudzi pa Khirisimasi, ya mpunga ndi citenje. Foni ikalira m'Januwale, amai akuti unga watha, ife tili pa sukulu fizi ndi lendi, timangoti "dikirani kumapeto kwa mwezi". Koma udzu sudikira malipiro. Sabata imene amai akhala m'munda wa eni ndi thumba limene lidzasowe m'nkhokwe yao mu Meyi, ndipo foni idzaliranso.

Tisapembedze masamu. Model imaona gulu, siona munthu. Siidziwa kuti malume adwala, kapena kuti mvula idzadula pakati monga inacitira mu 2024. Komanso zimene inapeza, agogo athu anazidziwa kalekale popanda kompyuta. Cimene akatswiri anawonjezera ndi umboni umene boma ndi obwereketsa ndalama sangaukane. N'cifukwa cake tikuti aliyense wofika m'midzi ndi mafunso azibwereranso ndi mayankho, m'Citumbuka ndi m'Cinyanja, kuti oyankha aja apindule nao.

Ife a m'tauni tisadikire lipoti. Pa ndalama ya Khirisimasi, patulani ina muisunge mpaka Januwale. K200 ya nthawi yopalira ili ndi mphamvu kuposa K200 ya phwando.