Ufumu usamadye banja la munthu

Patchuthi chapitachi ndinakacheza kwa achimwene anga ku Area 10 mumzinda wa Lilongwe. Usiku wina mwana wawo anatiikira pa kompyuta filimu ya 1927 yotchedwa The Student Prince in Old Heidelberg, yomwe anakonza ndi Ernst Lubitsch. Mulibe kuyankhula, anthu amangogwedeza milomo kenako n'kubwera timawu tolemba. Komabe palibe anafuna womasulira.

Kalonga Karl Heinrich, yemwe akumusewera ndi Ramon Novarro, akupita kukaphunzira ku Heidelberg. Kumeneko akugwa m'chikondi ndi Kathi, mtsikana woperekera mowa, yemwe ndi Norma Shearer. Mfumu itamwalira, mnyamatayo akulowa ufumu ndi kukwatira mkazi womusankhira. Kathi akutsala yekha.

Filimu itatha, achimwene anangoti duu, ndipo alamu anadzuka osatsanzika. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Amalume athu, omwe anali nyakwawa, anatisiya, ndipo amayi akuluakulu a m'banja mwathu aloza achimwenewo kuti alowe dzina. Iwo amagwira ntchito ku City Centre, alamu ali ndi shopu ku Old Town, ana ali pasukulu. Alamu atanena kuti sangatseke shopu n'kukakhala kumudzi, wachibale wina anati, "Akakana asiyeni, akazi kuno ndi ambiri."

Mawu amenewa ndi omwe andilembetsa. Inde, mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mudzi wopanda mfumu milandu ya minda siitha. Koma n'chifukwa chiyani nkhonyazo zimagwera mayi yemwe sanaitanidwe n'komwe pokambirana?

Ku Botswana zotere zinachitikadi. Seretse Khama atakwatira Ruth Williams mu 1948, boma la Britain linamuletsa kukhala kwawo. Anabwerera mu 1956 atavomera kusiya ufumu wa Abamangwato, mkazi wake ali pambali pake. Mu 1966 anakhala mtsogoleri woyamba wa dzikolo. Anatumikira anthu ake popanda kutaya banja.

Ana anga a Fomu 3 ndimawaphunzitsa kulemekeza mwambo. Koma akuluakulu athu, musanalonge munthu ufumu, khalani pansi ndi mkazi wake, mumve zakukhosi kwake. Ngati zavuta, adzukulu ena alipo. Munthu amene mwamupasulira banja lero, mawa adzaweruza bwanji milandu ya mabanja a ena?