Manja ogwira msana wa munthu ayambe aphunzira

Tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza pa doko la Nkhata Bay, msika wonse umayenda pa misana ya anthu. Matumba opita ku Likoma ndi ku Chizumulu amatsikira kunyanja pa mapewa a anyamata aganyu. Mabeseni a usipa ndi batala amakwera chitunda pamitu pa amayi, ena mwana ali kumbuyo. Tauni ino inamangidwa m'mapiri, choncho katundu wochepa yekha ndiye amayenda pachidikha. Madzulo mukafunsa anthuwa kuti mwaswera bwanji, ambiri amayankha dzanja lili m'chiuno: "Taswera, koma msanawu."

Zimene amachita akafika kunyumba tonse tikuzidziwa. Wina amagula Panado kapena Brufen pagolosale. Wina amathowa ndi madzi otentha. Agogo amagona chafufumimba n'kuitana mdzukulu kuti awaponde pamsana. Ululu ukakana, amapita kwa wotikita wa m'mudzi, kapena kukatemera mphini. Sindinyoza aliyense mwa anthuwa, chifukwa munthu amene mawa ayenera kusenzanso sangakhale pansi kudikira kuti msana upole wokha.

Chondidetsa nkhawa ndi mavidiyo amene adzaza pa TikTok ndi pa Facebook, oonetsa munthu akupotokola khosi la mnzake mpaka kulira kuti "kho!", wodwalayo n'kudzuka akumwetulira. Achinyamata amaonera, ndipo chimene chaoneka chosavuta pafoni chimayesedwa pa mnzako. Vidiyo ya masekondi makumi awiri siionetsa zaka zimene mwini manjawo anakhala m'kalasi.

Ntchito imeneyi imatchedwa chiropractic. Anaiyambitsa Daniel David Palmer mu 1895 mu mzinda wa Davenport ku America, ndipo mu 1897 anatsegula sukulu yake. Palmer ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amachokera ku mafupa a msana amene achoka m'malo mwake. Zimenezo sayansi sinazitsimikize, ndipo wina akakuuzani kuti kuwongola msana kuchiza shuga, BP kapena mphumu, sungani ndalama zanu. Chodziwika n'chakuti kukankha mfundo za msana mwaluso kumachepetsako ululu kwa anthu ena, mofanana ndi mmene mafizo amathandizira. Mu December 2023 bungwe la WHO linaika njirayi pakati pa zimene zingagwiritsidwe ntchito pa ululu wa m'chiuno wokhalitsa, pamodzi ndi maseŵera olimbitsa thupi ndi kutikita.

Abale athu ambiri a kuno amene amagwira ntchito ku Joni mwina anaonapo zikwangwani za madokotala otere. Ku South Africa maphunzirowa amachitikira pa Durban University of Technology ndi pa University of Johannesburg, ndipo amatenga zaka zosachepera zisanu. Zaka zoyamba wophunzira amazithera pa kudziwa thupi: mafupa 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa, 5 a m'chiuno, mitsempha imene imatulukira pakati pawo, ndi misempha ya magazi imene imadutsa m'timabowo ta mafupa a m'khosi popita ku ubongo. Kenako amaphunzira kumva ndi zala, kugwira msana wa mnzake wa m'kalasi mpaka atasiyanitsa mfundo youma ndi mnofu wokungika. Kukankha kwenikweniko kumabwera pambuyo. Kumakhala kwachangu, kosakwana theka la sekondi, ndipo dzanja limayenda kamtunda kochepa kwambiri. Sukulu zina, monga Canadian Memorial Chiropractic College ku Toronto, zili ndi zidole ndi mabedi oyeza mphamvu, kuti wophunzira aone pa kompyuta ngati wakankha mopitirira muyeso asanakhudze wodwala. Akayamba kuona odwala, mphunzitsi amakhala pambali pake.

Phokoso lija anthu amalikonda silitanthauza kuti fupa labwerera m'malo. Limachokera ku mpweya wa m'madzi amene amafewetsa mfundo, pamene mfundoyo yatanuka mwadzidzidzi. N'chimodzimodzi ndi kuliza zala.

Phunziro limene ine ndimaliona lalikulu pa onsewa ndi lodziwa msana wosayenera kuugwira. Msodzi weniweni wa ku Chintheche kapena ku Usisya amadziwa kupalasa, inde, koma chimene chamusunga ndi moyo ndi kuzindikira tsiku la mwera n'kusiya bwato pamchenga. M'dziko ngati lathu, mmene TB ikadali pakati pathu, phunziroli n'lofunika kuposa ku Toronto. TB simangokhala m'mapapo. Imaloŵa m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono, ndipo poyamba imaoneka ngati ululu wamba wa munthu wosenza katundu. Msana woterewu ukapondedwa kapena kukankhidwa mwamphamvu, fupa likhoza kuphwanyika n'kufinya mtsempha waukulu, munthu n'kufa miyendo. Chimodzimodzi khansa imene yafalikira m'mafupa, mafupa ofooka a okalamba, ndi msana wa munthu amene wagwa pa njinga yamoto kapena mumtengo wa mango. Khosi nalo lili ndi ngozi yake: sizichitika kawirikawiri, koma msempha wa magazi ukang'ambika munthu amadwala sitiroko.

Choncho wophunzitsidwa bwino amafunsa kaye. Kodi mukuonda popanda chifukwa? Mumatuluka thukuta usiku, kapena thupi limatentha? Ululu umakudzutsani ngakhale mwagona phee? Miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka? Mkodzo ndi chimbudzi mukutha kuzigwira? Mwagwa posachedwa? Yankho limodzi lokayikitsa n'lokwanira kuti manja achoke pamsanapo, munthuyo apite kuchipatala cha boma kapena ku Mzuzu Central akajambulidwe.

Kuno kwathu sukulu ya chiropractic kulibe, ndipo sindikuona kuti ndiyo tiyenera kuthamangira. Tili kale ndi pomangira. College of Medicine, imene mu 2021 inakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 2010. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma orthopaedic clinical officer, amene lero ndiwo amalunzanitsa mafupa othyoka m'zipatala zambiri za m'maboma. Anthu amenewa amaphunzira ntchito ya manja pansi pa maso a mphunzitsi, ndipo amadziwa polekezera. Vuto n'lakuti ndi ochepa, ndipo mayi wogulitsa usipa sangatseke beseni tsiku lonse chifukwa cha msana umene akuganiza kuti upola wokha.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino. Otikita a m'midzi sadzasiya ntchito yawo, chifukwa ndiwo ali pafupi ndipo amalandira zochepa. Aitaneni, a mafizo akhale nawo pansi, awaphunzitse mafunso asanu ndi limodzi aja, awauze kuti khosi lisapotokoledwe ndipo okalamba asapondedwe, ndiponso awasonyeze kotumiza wodwala amene wawakayikitsa. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi aphunzirenso zomwezo. Ndipo ophunzira mafizo akamatumizidwa kukaphunzira ntchito m'zipatala, ena adzafike pamsika pano tsiku la Ilala, adzaone ndi maso mmene thumba la makilogalamu 50 limakwezedwera paphewa, kenako adzasonyeze anyamatawo kunyamula atapinda mawondo, thumba lili pafupi ndi thupi.