Mtsinje uli pakhomo, mpikisano uli ku Lusaka

Zotuluka m'mayeso a Grade 7 zikangomveka, nkhani m'basi imasintha. Za mtengo wa unga ndi za malaiti ziyamba zapumula, manje aliyense ali pa sukulu: mwana wapita kuti, boarding kapena day, yunifomu ni zingati. Makolo ambiri afuna sukulu imene ana amakhoza bwino. Ena afuna ya pafupi kuti transport isawadye. Koma alipo ena, ocepa cabe, amene ali ndi mwana wokonda madzi maningi, amene akalowa m'madzi anzake onse atsala kumbuyo. Funso lao n'lakuti: kodi ni sekondale iti ili ndi timu ya kusambira ya mpikisano?

Kwa kholo la ku Nangongwe, yankho lake n'lowawa. Masukulu otere alipo, ndipo imodzi mumaipitirira tsiku lililonse. Basi ikacoka ku Kafue, kudutsa pa toll gate ya Shimabala, kupyola Chilanga, musanafike pa Makeni, m'mbali mwa Kafue Road muli Baobab College. Mu Lusaka muli International School of Lusaka, American International School ndi LICS. Kutali ku Mkushi kuli Chengelo. Onsewa ndi masukulu a private, ali ndi ma pool ao, ndipo amapikisana pansi pa bungwe lao la ISAZ. Sitiwaimba mlandu ai, acita bwino nchito yao. Koma mai wogulitsa nsomba pa msika, kapena tate wogwira nchito ku Nitrogen Chemicals, akangomva fizi ya term imodzi, nkhani ithera pompo.

Kuyambira mu January 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kumaliza sekondale. Ici n'cinthu cacikulu, ndipo ana ambiri anabwerera m'kalasi. Koma masukulu a boma ambiri alibe pool. Mwana aphunzira Physical Education, mwina mpaka kulemba za kusambira m'kope, koma madzi sanawalowepo.

Zotsatira zake timaziona pa ma Olympics. Mu 2016 ku Rio tinatumiza Ralph Goveia ndi Jade Howard. Ku Tokyo mu 2021 kunapita Tilka Paljk ndi Shaquille Moosa. Ku Paris mu 2024 anali Mia Phiri ndi Damien Shamambo. Tiwanyadira, cifukwa kufika kumeneko si maceza. Koma onani bwino: awiri, awiri, awiri. Dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni, lokhala ndi Zambezi, Kafue, Luangwa, Kariba, Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika, lisankha osambira ake pakati pa ana ocepa amene makolo ao akwanitsa kuwafikitsa pa pool.

Anthu a ku Kafue adziwa kale zimene zimacitika mwana akapeza malo ndi kochi. Patson Daka anakulira m'tauni yomweyi, anadutsa ku Kafue Celtic, anatenga cikho ca Africa ndi timu ya Under-20 mu 2017, anapita ku Salzburg, ndipo mu 2021 analowa Leicester City. Luso anali nalo, inde, koma panalinso bwalo, panali kilabu, panali anthu omuona. Mpira ni wotchipa: fumbi, miyala iwiri ya goli, cimpombwa, mwayamba. Kusambira kwa mpikisano sikuyamba popanda pool. Ndiye cifukwa cake Kafue yatulutsa omenya mpira odziwika kunja, pamene ana okulira m'mbali mwa mtsinje, amene akanakhala osambira a dziko, sitiwadziwa ngakhale maina.

Wina adzati, si mtsinje uli pompa, nanga mufunanso ciani? Mtsinje wa Kafue si malo ophunziriramo. Muli ng'ona, muli mvuu, muli likodzo, muli udzu uja wa Kafue weed umene umakola miyendo, ndipo madzi ake amakoka. Kunyaya kwa mumtsinje ndi kuswima kwa mpikisano n'zinthu ziwiri. Mpikisano ufuna pool ya mamita 25 kapena 50, yokhala ndi mizere, ndi munthu wogwira wochi. Mwana afunika kudziwa freestyle, backstroke, breaststroke ndi butterfly, kudziwa kudumpha poyamba ndi kutembenuka pa khoma. M'masewera awa cimene cimalankhula ndi nthawi yolembedwa. Mwana wopanda nthawi yolembedwa pa mpikisano wovomerezeka, olo akhale ngati nsomba, palibe amene adzamuitana.

Ndipo nkhani si ya mendulo cabe. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 300,000 amafa comira m'madzi caka ciliconse pa dziko lonse, ambiri mwa iwo ana ndi acinyamata. Mu 2021 United Nations inaika tsiku la 25 July kukhala lokumbutsa za vutoli, ndipo imodzi mwa njira zimene WHO imalimbikitsa ndiyo kuphunzitsa ana a sukulu kusambira pa malo otetezeka. Ife kuno ana amakwera bwato popanda life jacket, amasewera m'maenje odzala madzi nthawi ya mvula. Maliro a mwana womira timawadziwa, sitifunika kuuzidwa.

Nanga kholo licite ciani caka cino? Coyamba, osagulitsa plot, osalowa m'kaloba cifukwa ca sukulu ya pool. Mipikisano ya kusambira siiyendera masukulu okha, imayenderanso makilabu. Mwana angakhale pa Naboye, pa Shikoswe kapena pa Kafue Boys, n'kumaphunzira kusambira ku kilabu ya mu Lusaka. Pitani mukafunse ku OYDC, malo a masewera amene anatsegulidwa mu 2010 pafupi ndi Heroes Stadium, kapena ku pool ya ku Olympia. Koma werengerani bwino. Kucoka ku Kafue kufika mu town ni makilomita pafupifupi 45, mukatsika mukweranso basi ina, ndipo wosambira wa mpikisano amafunika kulowa m'madzi kangapo pa mlungu. Yambani ndi pa Ciweru, muone mwana ngati aikonda zoona, muonenso thumba ngati lilola.

Caciwiri, ngati muli nazo ndalama ndipo sukulu yalemba "swimming" pa cikwangwani, musakhutire ndi cithunzi. Pemphani kuiona pool ndi maso anu. Kodi ni yaitali mamita angati? Madzi ake aonetsa pansi kapena ni obiriwira? Kochi anaphunzira nchitoyi, kapena ni aphunzitsi a geography amene anangopatsidwa wisulo? Ana amalowa kangati pa mlungu, ndipo ndani amawayang'anira akakhala m'madzi? Caka catha timu inapita ku mipikisano iti, ndipo nthawi za ana zinalembedwa kuti? Sukulu imene ili ndi timu yeniyeni idzatulutsa mapepala musanamalize kufunsa. Pool yaing'ono yonga ya pa lodge ni ya ma party ndi zithunzi za pa Facebook.

Koma njira zonsezi zithandiza mwana mmodzi mmodzi. Cimene Kafue ifunika ndi pool imodzi ya anthu onse, ya mamita 25, yosungidwa ndi khonsolo, imene masukulu a ku Nangongwe, Shikoswe, Zambia Compound ndi Estates angagawane masiku. M'mawa ana a pulaimale aphunzire kuyandama ndi kudzipulumutsa, madzulo matimu a sekondale aphunzire liwiro, pa Ciweru anthu wamba alipire pang'ono pa geti. Sukulu iliyonse ingakhale ndi timu popanda kukumba dzenje lake.

Ndalama zilipo zoyambira. CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Tidziwa kuti pali kiliniki, madesiki, mijigo ndi miseu zimene zidikira, ndipo palibe akuti pool ipite patsogolo pa maternity. Tikuti ilowe pa mndandanda, cifukwa nayonso ipulumutsa moyo. Kumanga ndiko kopepuka, kusunga ndiye nchito: pampu, chlorine, malipiro a kochi ndi a wopulumutsa omira, ndi sola yoti madzi asaole malaiti akapita. Ku Copperbelt matauni a migodi anali ndi ma pool abwino, koma ZCCM itagulitsidwa ambiri anasanduka nyumba za acule cifukwa panalibe wowasunga. Conco pulani ya pool ibwere pamodzi ndi pulani ya ndalama za mwezi ndi mwezi, ndipo makampani a m'tauni muno apemphedwe kugwirapo dzanja.

Kafue imatumiza madzi ku Lusaka tsiku lililonse kucokera ku Iolanda. Si manyazi kupempha kuti pang'ono pa madzi a mtsinje womwewo patsale pophunzitsira ana a pano. Mapulojekiti a CDF amayambira ku Ward Development Committee, osati m'basi. Ngati nkhaniyi imathera pakati pa Shimabala ndi Kafue Roundabout, ba conductor akangoti "tsikani", nayo yatsika. Makomiti a makolo m'masukulu alembe kalata imodzi, asaine onse, akaipereke ku WDC ndi kwa ba kansala msonkhano wosankha mapulojekiti usanacitike. M'mera mpoyamba: mwana wa zaka 7 amene aphunzira kuyandama caka cino ndiye adzaimira Kafue pa mpikisano akafika ku sekondale, ndipo olo asapate mendulo, bwato likagubuduka adzafika kumtunda.