Khofi wa Kapu Imodzi



Lachitatu lapitali, titaweruka pa msonkhano wa gulu lathu, mayi wina wamasiye anatiitanira kwawo kuti tikaone mphatso imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndi kamakina kophikira khofi wa kapu imodzi. Mumaponyamo kachitini kotsekedwa, kochepa ngati chivindikiro cha botolo, mudinikiza batani, ndipo musanathe kupukuta thebulo khofi wadzaza kale m'kapu. Tonse tinawomba m'manja, koma eni ake sanaseke. Kachitini kameneko kanali kotsiriza. Tina n'tosowa kuno, mtengo wake ngwoti mungagule nawo ndiwo za masiku angapo, ndiponso magetsi akathima makinawo amangokhala chokongoletsa kabati. "Nanga ndibwerere ku tiyi?" anatifunsa motero.

Ine ndinawayankha kuti ayi. Makina otere anayamba ndi a Nespresso mu 1986, pamene khofi anthu akhala akumwa kwa zaka mazana ambiri popanda batani.

Tiyambe ndi zimene zalembedwa pa paketi. Mitundu ikuluikulu ya khofi ilipo iwiri. Arabica amamera m'mapiri ozizira, ndipo ndi wonunkhira, wowawasa pang'ono ngati chipatso. Robusta amapirira kotentha, ndi wowawa, ndipo mankhwala aja ochotsa tulo otchedwa caffeine ali nawo pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ogulitsa amasakaniza mitunduyi, kapena kusakaniza khofi wa maiko osiyana, monga momwe ife timasakanizira nsinjiro ndi matimati kuti china chikwaniritse chinzake. Wa ku Brazil amamveka ngati mtedza wokazinga. Wa ku Ethiopia, kumene Arabica anachokera, amanunkhira ngati maluwa ndi mandimu. Kusakaniza kwakale kotchuka ndi Mocha-Java, ndiko kuti khofi wodzera pa doko la Mocha ku Yemen ndi wa pa chilumba cha Java. Woyambayo amapereka fungo, winayo amalemeretsa m'kamwa.

Ndipo uja wa m'chitini amene ambirife tinakulira, monga Ricoffy, ndi khofi wosakaniza ndi muzu wokazinga wa chomera chotchedwa chicory. Sindikumunyoza ayi, watilandirira alendo ambiri pa maukwati ndi pa maliro. Koma amene anazolowera yekhayo sanalawebe khofi weniweni.

Chimene chimandipweteka mtima nchakuti khofi weniweniyo timalima tokha. Mbande zake zinafika ku Mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh. Lero Arabica akulimidwa ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi m'mapiri a Nkhata Bay, kumene alimi ang'onoang'ono amagulitsa kudzera mu bungwe lawo la Mzuzu Coffee, komanso m'minda ikuluikulu monga ya Satemwa ku Thyolo. Pakati pa othyola ndi osankha zipatsozo pali amayi anzathu ambirimbiri. Wochuluka amapita kunja, ife eni dziko nkumadikira tizitini tochokera kutali.

Tsono nayi njira imene ndinawaonetsa mayi aja tsiku lomwelo. Inayambanso ndi mayi wapakhomo ngati ife, Melitta Bentz wa ku Dresden ku Germany, amene mu 1908 anatopa ndi zinyenyeswa za khofi m'kapu, naboola kapoto, nayalamo pepala la m'buku la sukulu la mwana wake. Ife tigwiritsa kansalu koyera kopyapyala, kophitsa kaye m'madzi.

Yalani kansaluko mu sefa ya tiyi, muikhazike pakamwa pa kapu. Thiranimo masupuni aakulu awiri osasefukira a khofi wopera. Akhale wa mayeremayere ngati mgaiwa, osati wosalala ngati ufa woyera, chifukwa wosalala amatseka nsalu ndipo amawawa. Madzi akawira, phulani ketulo pa mbaula, muidikire mphindi imodzi. Apa ndi pamene ambiri timalakwa, pakuti tinazolowera kubwatitsa masamba a tiyi m'poto. Khofi akabwata amataya fungo, kutsala kuwawa kokha. Dontheza timadzi pang'ono kuti anyowe yense, mudzaona akufufuma ngati ufa wa mandasi. Pakapita theka la mphindi, thirani madzi otsalawo pang'onopang'ono mozungulira mpaka kapu itadzaza. Zonse zitenge mphindi zitatu kapena zinayi.

Lawani kaye musanathire shuga. Akawawasa mopitirira, ndiye kuti madzi anadutsa msanga. Akawawa ngati mankhwala a malungo, anachedwa, kapena munagula wokazingidwa kwambiri, wakuda bii, amene amafuna mkaka. Kansalu muchape ndi madzi okha, poti sopo amatsalira. Khofi wotsala musunge m'botolo lotseka bwino, kutali ndi usipa ndi palafini, chifukwa amakoka fungo lililonse.

Ubwino wophika kapu imodzi ndi wakuti simutaya kanthu. Paketi ya magalamu 250 ikupatsani makapu pafupifupi 20.

Chenjezo langa lipite kwa amayi oyembekezera: musapitirire makapu awiri aang'ono pa tsiku. Amene a chipatala anakuuzani kuti magazi ndi ochepa, musamwere khofi kapena tiyi pa nsima, chifukwa zimalepheretsa thupi kutenga bwino mphamvu yopanga magazi m'ndiwo zamasamba ndi nyemba. Dikirani ola limodzi mutadya.

Mayi aja makina awo anawafunditsa nsalu yoluka, akuti adikire mwana wawo pa Khirisimasi. Ife tasonkherana kugula paketi imodzi ya ku Misuku, tidzagawana Lachitatu likudzali. Aliyense abwere ndi kapu yake ndi kansalu kake.